Mizere Inayi ya a Layisoni

Mkazi wanga amati ndilibe ulemu, chifukwa munthu akamandilankhula zala zanga zimakhala zikugundagunda pa bondo. Iye amayesa kuti ndatopa ndi nkhani ya mlendoyo. Sikutopa ayi, ndimakhala ndikuwerenga zilembo. Abusa akangoti "abale ndi alongo mwa Ambuye", ine ndadziwa kale kuti mawuwo sangakwane mzere umodzi. Nthenda imeneyi ndinaitenga ku Lusaka, ku Matero, pa bwalo la a Tembo pomwe tinkaumba ziliza za simenti, ndipo mankhwala ake sindinawapeze mpaka lero.

Ndinachoka kwathu ku Dedza nditangokwatira, mkazi wanga ali ndi pakati. Anzanga ankapita ku migodi ya ku Joni, koma ine olemba anthu ntchito anandibweza ati chifuwa changa n'chochepa. Ndiye ndinamva kuti ku Zambia ndalama zili mbwee, munthu amangowerama n'kutola. Amene anandiuza sananame kwenikweni, kungoti ankanena za zaka zakumbuyo. Pomwe ine ndinkatsika basi ku Lusaka n'kuti mtengo wa kopa, chuma cha m'migodi yawo, utagwa kale, anthu atayamba kuima pa mizere kudikira ufa.

Ndinagona masiku angapo pa siteshoni ya mabasi, kenaka ndinayamba kunyamula akatundu a anthu pa msika wa Matero. Tsiku lina ndikukangana ndi mayi wina pa nkhani ya thumba lake la makala, ndinamva dzanja pa phewa.

"Iwe, 'zinthu' zakozo ndi za kwathu. Kuno amati 'vinthu'. Ndiwe wa kuti?"

Anali bambo wamkulu, wamtali, wa imvi za m'mbali, atanyamula chipande cha omanga nyumba m'thumba la jekete. Dzina lawo anali a Layisoni Phiri. Anachoka ku Kasungu ali kamnyamata, nagwira ntchito m'mafamu ndi m'makampani omanga, nakwatira mayi wa ku Katete, n'kubereka ana asanu ndi awiri, osabwereranso kwawo ngakhale kamodzi. Kwathu anthu otere timawatcha matchona. Tsiku lomwelo ananditengera kunyumba kwawo ku George komboni, nandigoneka m'kachipinda kosungiramo njerwa ndi mafosholo. Anayamba kunditcha mphwanga, ine ndinkawatcha malume. Ndi iwo amene anandipezera ntchito kwa a Tembo, ndipo ndi iwo amene anandisenzetsa lonjezo lomwe linatsala pang'ono kundichititsa ndewu ndi mwana wawo.

Ntchito ya kwa a Tembo inali chonchi. Tinkathira simenti m'chikombole cha matabwa, n'kusalaza pamwamba, kenaka isanaume tinkadinda mawu ndi zilembo zachitsulo. Ikauma tinkapaka penti yakuda m'zilembomo, eni ake n'kudzatenga kukamangira pa manda ku Chingwere. Zilembo zachitsulozo zinali za msinkhu umodzi basi. A Tembo anazigula kalekale kwa munthu wa ku migodi, ndipo zina sizinkapezekanso kulikonse. Choncho mzere uliwonse unkalowa zilembo khumi ndi zisanu n'chimodzi, osapitirira. Simenti sifufutika. Ukadinda wadinda, ndipo ukachedwa yauma.

Pa mpanda wa bwalolo panatsamira chiliza china chomwe a Tembo sankalola kuti chitayidwe. Anachidinda munthu amene ine ndinamulowa m'malo. Iye anangoyamba kudinda osawerenga, dzina la malemuyo n'kuthera m'malere, zilembo zitatu zomaliza kusowa pokhala. Tsiku loyamba a Tembo anandiimika pamaso pa chilizacho.

"Ba Nyasa, mwaona ichi? Uyu ninamupitikisa na mukwapu. Imwe muziyamba mwapenda."

Kupenda ndi kuwerenga m'chinyanja chawo. Ndiye ndinapeza njira yanga. Ndinatola zitsekerero za mabotolo kuseri kwa malo omwera mowa, n'kujambula mizere pa thabwa ndi choko. Munthu akabwera ndi mawu ake, ndinkayala chitsekerero chimodzi pa chilembo chilichonse iye akuona. Pa mpata wa pakati pa mawu ndinkayala chozondotsa. Zikafika kumapeto kwa thabwa ndiye kuti mzere watha, ngakhale munthuyo alire bwanji.

Koma anthu inu! Ndagwirapo ntchito zambiri zolemetsa, komabe palibe imene inanditopetsa ngati kuuza munthu woferedwa kuti mawu ake achuluka. Munthu amene bambo ake ali moyo sankawagulira ndi sopo yemwe, akangofa amabwera ndi masamba awiri a m'kope odzaza mbali zonse. Bambo wina wa ku Chawama anabwera ndi mbiri yonse ya mkazi wake, kuyambira sukulu imene anaphunzira mpaka kwaya imene ankaimba. Nditamuyalira zitsekerero zinatha asanafike n'komwe pa ukwati wawo.

"Finyani chabe, ba Nyasa. Vifinyeni vikwane."

"Bambo, ichi n'chitsulo, si thonje."

"Manje ivi vamene mwaika chadodolido ni vichani?"

"Umenewo ndi mpata wa pakati pa mawu."

"Ah ah! Pamene palibe chilembo napo mupenda? Mupenda mphepo?"

Funso limeneli ndinaliyankha kwa zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko. Ena ankapsa mtima n'kunena kuti tichotse mipatayo, mawu angogundana. Ndinkawayalira kuti aone, n'kuwafunsa ngati akufuna kuti zidzukulu zawo zidzaime pa manda n'kumadodoma ngati mwana wa sitandade wani. Ena ankabwera ndi m'bale wodziwa Chingerezi kuti mwina m'Chingerezi zifupika, koma zinkangotalikirako. Ena ankapita kunyumba kukachepetsa mawu, n'kubwerera mawa lake atawonjezera vesi.

Amene ankandikwana koposa anali a Tembo eni ake. Munthu ameneyu sankadziwa kukana. Kasitomala akangolowa pa geti ndi chipepala chake, iwo osachiyang'ana n'komwe ankati, "Vizakwana, vizakwana, musadandaule. Muonane na ba Nyasa." Kenaka ankakwera njinga n'kusowa mpaka madzulo, kundisiyira ine namfedwa ndi alamu ake. M'komboni yonse zinadziwika kuti a Tembo ndi munthu wabwino, woipa mtima ndi Mnyasa uja wa zitsekerero.

Poyamba chikombole chathu chinkalowa mizere isanu ndi iwiri. Kenaka zinthu zinayamba kuthina m'dziko muja. Shuga anasowa, mafuta ophikira anasowa, ufa unkafuna kulawirira m'mamawa kukaima pa mzere. Ine ndinkatumiza kangachepe kwa mkazi wanga kudzera mwa dalaivala wa lole yopita ku Mchinji, mpaka iye anandiyankha kuti ndalama za kunoko zikasinthidwa sizikugula kanthu, bola ndizitumiza sopo. Ndinaseka ndekha, chifukwa sopoyo nanenso ndinali nditamuiwala fungo. Simenti nayo inalowa m'gulu la zosowa. Tsiku lina m'mawa ndinapeza a Tembo akudula chikombole ndi sowo. Tinatsala ndi mizere isanu. Pasanathe nthawi yaitali anadulanso, tinatsala ndi inayi. Ziliza zinkachepa, koma mapepala a anthu sankachepa ayi.

A Layisoni ankakonda kudutsa pa bwalo pathu Loweruka masana akaweruka, n'kukhala pa njerwa kumandionerera ndikukangana ndi anthu. Kuwerenga ankadziwa pang'ono chabe. Tsiku lina makasitomala atapita anakoka thabwa langa n'kuliika pa miyendo.

"Mphwanga, tandiyalire mudzi wa kwathu apa, ndione ngati ukwana."

Dzina la mudziwo ndinkalidziwa bwino, chifukwa anali ndi chizolowezi cholitchula. Akapunthwa pa mwala, akadzimenya chala ndi hamala, ngakhale akayetsemula, mawu otuluka anali amodzi: "Chimwalankhanga!" Ana awo ankayesa kuti ndi kutukwana kwa Chinyasa. Ndinayala zitsekerero iwo akuwerenga nane ndi milomo. Dzinalo linadzaza mzere wonse, n'kutsala malo a chitsekerero chimodzi.

"Wakwana?"

"Wakwana, malume. Koma wokha. Simungaikepo 'wa ku', simungaikepo Kasungu."

"Zimenezo n'zosafunika. Wodziwa adzadziwa. Mzere umenewu undisungire." Anagwira thabwalo ndi manja awiri. "Ine kwathu sindifikako, ndachedwa. Ndikapite ndi chiyani, jekete ili? Koma Amalawi kuno ndi ambiri, ndipo onse amapita ku Chingwere kukaika anzawo. Tsiku lina wina adzadutsa, adzawerenga, adzakanena kwathu kuti Layisoni uja sanadyedwe ndi zilombo, wagona pakutipakuti. Ndili ndi mlongo wanga kumeneko, Naphiri. Ndinamusiya akuyamba kumene kusenza ndowa."

Ndinawauza kuti asiye kulankhula zoopsa, akadali ndi mphamvu. Anandiyang'ana osaseka mpaka ndinalonjeza.

Anadwala chifuwa nyengo yozizira yotsatira, ndipo sanachedwe. Tinawaika ku Chingwere, pa mtumbira tinangozika kathabwa. Patatha chaka banja linayamba kukamba za chiliza, monga mwa mwambo, ndipo apa mpamene panabuka nkhani ndi mwana wawo woyamba, Joni.

Joni sanali munthu woipa, ndinene zoona, koma ankandiyabwa. Ankagwira ntchito yosunga katundu pa kampani ina ya m'tauni, ankavala tayi ngakhale Loweruka, ndipo pa chitupa chake analembetsa kuti kwawo ndi ku Katete, kwa amayi ake. Masiku amenewo ntchito zikuchepa, munthu akadziwika kuti bambo ake ndi obwera, anzake ankayamba kumuloza chala. Ndiye pa msonkhano wa banja, nditangotchula lonjezo la malume, iye anadzuka pa mpando.

"Ba Nyasa, Malawi musalembe. Mufuna banichose nchito?"

"Malawi sangakwane ngakhale mutafuna. Taonani." Ndinayala zitsekerero pa mkeka. "Dzina la mudzi lokha ladzaza mzere. Adziwa ndani kuti mudziwu uli mbali iti ya malire?"

Anayang'ana mzerewo nthawi yaitali, kenaka anavomera monyinyirika. Aka kanali koyamba kuti kuchepa kwa chikombole cha a Tembo kundithandize. Tinagwirizana mizere inayi. Woyamba dzina, wachiwiri zaka zawo, wachitatu MUUSE MUMTENDERE, wachinayi mudzi. Mzere wachitatuwo ndi umene anapempha amake Joni, mkazi wa malemuyo. Sanapemphe china chilichonse. Anati mwamuna wawo anagwira ntchito moyo wake wonse osapumula, ndiye pa mwala palembedwe kuti tsopano apumule. Nditayala, mawuwo anadzaza mzere ndendende, ndipo mayiwo anamwetulira koyamba chichitikireni maliro.

Simenti anaipeza Joni yemweyo, thumba limodzi, atayenda miyezi akupempha kwa anzake. Mbali ina anasungira omanga ku manda, yotsalayo ndi imene anatibweretsera. Ikanawonongeka, panalibe kwina kokatenga.

Linali tsiku la dzuwa loswa mtengo, mwezi wa Okutobala. Amake Joni anabwera m'mawa kudzaona ndi maso awo, nakhala pa njerwa yomwe ija amuna awo ankakhalapo. Ndinakanya simenti, ndinathira m'chikombole, ndinasalaza. Thabwa la zitsekerero linali pambali, mizere inayi yoyalidwa bwino. Ndinadinda dzina, linatuluka loyera. Ndinadinda zaka. Ndikutola chitsulo choyamba cha mzere wachitatu, ndinamva geti kulira. Analowa Joni, thukuta lili kamukamu, kapepala kali m'manja.

"Imani! Muikepo na ichi."

Pa kapepalapo analemba kuti FOLOMANI WAKALE.

A Layisoni anali mmisiri womanga njerwa, ndipo anali katswiri, koma ufolomani anangougwirizira miyezi yowerengeka pomwe mwini wake anathyoka mwendo. Nkhani imeneyi ankaikamba okha moseka.

"A Joni, tinagwirizana kale. Mizere ndi inayi."

"Ba boss banga bazabwera pa tsiku lovundukula chiliza. Na bapongozi banga bazabwera. Bonse baziba ati batate benze ba folomani. Manje bazabelenga chani? Mufuna nioneke wa boza?"

A Tembo, omwe tsiku limenelo mwatsoka analipo, anasuzumira pa phewa langa. "Vizakwana, ba Joni, musadandaule."

Ndinatembenuka. Zaka zonse zija ndinkameza, koma tsikulo zinandifika pakhosi. "Zikwana pati, a Tembo? Pamphumi panu? Munadula chikombole ndinu ndi sowo wanu!" A Tembo anangopita kukayang'ana tayala la njinga yawo.

Ndinadinikiza chala pa ngodya ya simenti. Inali itayamba kulimba, dzuwa lija silinkatidikira. Joni anayamba kupereka nzeru zomwe ndinali nditazimva kambirimbiri. Ati tiike ufolomaniwo pa mzere wa dzina. Ndinamuonetsa kuti pa mzere wa dzina patsala malo a zitsekerero ziwiri, komanso ndadinda kale. Ati tilembe kumbuyo. Ndinamuuza kuti kumbuyo kwagona pansi pa chikombole, ndipo kukamatidwa ku njerwa. Ati m'mbali. M'mbali munali mopyapyala kuposa chilembo. Ati tifinye. Apo ndinangomupatsa chitsulo cha F m'manja kuti afinye yekha.

Kenaka anachita chimene ndinkachiopa. Anawerama pa thabwa, n'kusesa ndi dzanja mzere wachinayi. Zitsekerero za Chimwalankhanga zinamwazika m'fumbi.

"Ichi ndiye chilibe nchito. Nindani azabelenga? Ine sininafikeko, bafana banga sibanafikeko. Ni mudzi wa mu nkhani chabe."

Ndinaika zitsulo pansi. Ndinapinda manja kumbuyo, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikawasiya omasuka agwira tayi ija.

"A Joni, bambo anu ananditola pa msika ndilibe pogona. Anandipempha chinthu chimodzi chokha. Mzere umenewu mukauchotsa, dindani nokha. Ine sindikhudzanso."

"Simenti ni yanga! Batate ni banga!"

"Zoona. Ndiye dindani."

Tinaima choncho, iye ali ndwii, ine ndili ndwii, simenti ikuuma pakati pathu. Mumtima ndinkalira, chifukwa ndinkaona kuti mapeto ake a Layisoni agona pansi pa mwala wa theka lopanda kanthu, ndipo wolakwa adzakhala Mnyasa wa zitsekerero monga mwa masiku onse.

Amake Joni anali asanalankhulepo. Anadzuka pa njerwa paja pang'onopang'ono, anamanga bwino chitenje, n'kugwada m'fumbi. Anatola zitsekerero zomwazikazo chimodzichimodzi n'kundipatsa.

"Bwezeranipo, mwana wanga."

Ndinabwezera. Kenaka analoza mzere wachitatu.

"Uwu ndiye wanga uja?"

"Eya, amayi."

Anausonkhanitsa ndi manja awiri, n'kuthira zitsekererozo m'chitini chomwe ndinkazisungiramo.

"Amai, muchita chani?" anatero Joni.

"Ikapo ufolomani wako apa, usachite manyazi kwa anthu. Koma kwao usachotse. Atate ako niwadziwa ine. Olo mulembe kuti muuse mumtendere, ngati kwao kulibepo sazausa. Azayenda usiku kufunafuna njira." Anatembenukira kwa ine. "Fulumirani, yauma iyo."

Joni anayang'ana pansi. Ine ndinalibe nthawi yoti ndikwiye bwinobwino, ngakhale mkwiyo unalipo wodzaza ndowa. Mawu okhawo amene mayi uja anapempha ndi amene anachoka, bodza la tayi n'kukhala. Ndinadinda FOLOMANI WAKALE mano ali chikukutu. Pofika mzere womaliza simenti inali italimba moti chitsulo sichinkalowa ndi dzanja. Ndinachita kugogoda ndi hamala, pang'onopang'ono kuopa kung'alula, chilembo ndi chilembo mpaka A womaliza. Mzerewo unatuluka wosazama kuposa inzake, ndiye itauma ndinaupaka penti kawiri.

Pa tsiku lovundukula, abwana a Joni anabwera, apongozi anabwera, anawerenga, anagwedeza mitu. Wina anafunsa kuti mawu a pansiwo akutanthauza chiyani, Joni n'kuyankha kuti ndi dzina la kumudzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Amake Joni anasisita mzere womalizawo ndi chala, ngakhale kuwerenga sankadziwa.

Sindinakhalitsenso ku Lusaka. Simenti inasowa kotheratu, anthu anayamba kuzika tizitsulo ta malata tolembedwa ndi penti, pomwe munthu ankatha kufinya mawu mmene angafunire. A Tembo anatseka bwalo n'kuyamba kugulitsa makala. Ine ndinakwera lole ya ku Mchinji ndi sutikesi imodzi, bulangete, ndi chitini changa cha zitsekerero chomwe mpaka lero sindidziwa chifukwa chake ndinachitenga.

Kwathu ndinapeza mwana wanga atakula kale, akunditcha "abambo aja a ku Zambia". Munda wanga ankalima mchimwene wanga, ndipo anandilandira ngati munthu wodzalanda. Mkazi wanga anaphunzira kuchita zonse yekha, moti masiku oyamba ndinkasowa pokhala m'nyumba yanga yomwe. Zimenezi zinanditengera nthawi kuti zikhazikike. Koma nkhani ya a Layisoni inkandilasabe. Iwo ankadikira kuti wina adzadutse pa manda adzawerenge. Ndinaona kuti wodutsayo akhoza kuchedwa, pomwe ine ndilipo ndipo miyendo ndili nayo. Titakolola ndinakwera basi ya ku Kasungu.

Ndinayesa kuti ndikangotchula dzina andilozera njira. Anyamata a pa siteji anandiyang'ana ngati ndikulankhula Chibemba. Wina anati mwina ndi ku Dowa. Wina anandifunsa ngati ndi dzina la mankhwala. Ndinayenda malo atatu ochitira malonda, mtima ukupsa, mpaka bambo wina wokonza njinga anaimitsa sipanala m'mwamba.

"Chimwalankhanga? Mwachedwa, achimwene. Mukuona minda ya fodya iyo mpaka kuphiri? Mudziwo unali pamenepo. Malowo atasanduka esiteti anthu anabalalika, ena kwa akazi awo, ena m'midzi ya eni. Dzinalo linatha. Mukufuna ndani?"

Nditatchula Naphiri, mlongo wa Layisoni, analoza kutsidya kwa msewu. Pansi pa khonde la golosale panakhala mayi wokalamba, wamtali ngati malume, akugulitsa tomato ndi usipa, uku akukalipira mwana wina amene anaponda thumba lake.

Ndinapereka moni, ndinakhala pansi, ndinafotokoza zonse mwadongosolo. Anamvetsera osandiyang'ana, akusanja tomato amene anali wosanjidwa kale. Nditamaliza anafunsa funso limodzi.

"Pamwalapo munalembapo chiyani?"

Ndinanena dzina. Ndinanena zaka. Nditafika pa mzere wachitatu anatukula mutu.

"Folomani? Layisoni? Amene ankathawa kukusa udzu uja?" Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka nkhope inasintha. "Ndiye folomani wake wotani wosatumiza ndi mpango womwe kwa mlongo wake? Amayi anafa akuyang'ana kumsewu."

Ndinawauza zoona zake za ufolomaniwo, ndi za jekete lija. Anangoti mmm.

"Basi? Mwamaliza?"

"Watsala umodzi." Ndinautchula.

Manja awo anaima pa tomato. Kenaka anati, "Tanenaninso." Ndinanenanso. "Munalemba lonse? Osadula?"

"Lonse, mayi. Linakwana."

"Pa simenti?"

"Pa simenti."

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Kuno ngakhale adzukulu anga salidziwa. Ndikalitchula amati agogo ayamba kubwebweta. Ndiye kuti mudzi wathu uli ku Zambia tsopano." Kenaka anandiyang'ana ndi maso aukali aja amene ndinawaona pa nkhope za makasitomala kwa zaka zonse. "Koma inu, munthu wakhala kunja moyo wake wonse, inu n'kumulembera timizere tinayi tokha? Dzina la amayi ake mulibe? Ngakhale muuse mumtendere, amene amalembera aliyense, munalephera?"

Ndinatsala pang'ono kuseka, ndinatsala pang'ono kukuwa. Ulendo wonse uja, kuchokera ku Matero mpaka kuno, n'kudzapezanso munthu wondiuza kuti ndifinye! Ndinayamba kufotokoza za chikombole, za sowo wa a Tembo, za zitsulo zosafinyika. Nditafika pa mlamu wawo amene sanamuonepo, mmene anagwadira m'fumbi n'kuchotsa mzere wake kuti mudzi ukhale, Naphiri anakweza dzanja kuti ndisiye.

Anafunsa kuti Lusaka ali mbali iti. Ndinaloza kumadzulo, kupyola minda ya fodya ija. Anadzuka movutikira atagwira mzati wa khonde, anatembenukira komweko, ndipo analankhula mokweza, osasamala anthu ogula amene anaima kuwayang'ana.

"Layisoni, mwana wa amayi, wa ku Chimwalankhanga. Ndamva kumene uli. Mlamu wanga anakupatsa kwanu, ine ndikupatsa zotsalazo. Muuse mumtendere, achimwene."

Ndinayang'ana pa bondo langa. Zala zinali zitayamba kale kugunda, koma zinasokonezeka pakati, ndipo sindinabwerezenso kuwerenga.